Masiku Atatu a Malume Filipo

Chinkhoma, Kasungu
9 Ogasiti 1993

Mwana wanga Rabecca,

Moni wochokera kwa ine mayi ako. Kuno tadzuka bwino, kupatula mwendo wanga uja umene umadziwa za kuzizira wailesi isananene. Kaya iwe uli bwanji ku Dar es Salaam? Miyezi iwiri yatha osamva mawu ako. Kodi mapepala anatha ku Tanzania, kapena ntchito ya mu ofesi imaumitsa zala?

Kalatayi ndapatsira amalume ako a Filipo, amene aima pano ndi lole yawo pobwerera kumeneko. Ndikulemba mothamanga chifukwa akuti sakhalitsa, ngakhale tiyi akumwa ataimirira. Iwe ukuwadziwa alongo anga, munthu amene akafika pano ankagona, m'mawa n'kuzungulira makomo onse kufunsa za mbumba yawo. Lero maso ali psuu, malaya akulendewera m'mapewa. Nditawaumiriza ndi pamene andiuza kuti kuntchito awalembera makalata awiri owachenjeza kuti amachedwa pamsewu, ndipo ikabwera yachitatu, ntchito yatha. Akuti kampani yanuyo inagula makina otchedwa kompyuta, ndiye makinawo ndi amene akulamula tsiku lonyamuka ndi tsiku lofika. Munthu wayendetsa malole zaka makumi awiri ndi zinayi osagundapo ngakhale mbuzi, lero aziuzidwa ndi makina kuti ndi waulesi?

Ine za makina sindizidziwa, koma iwe unaphunzira masamu mpaka ku yunivesite, ndipo umakhala mu ofesi momwemo. Si amalume akowo anakunyamula pa lole kukakusiya kusukuluko, n'kukakupempheranso ntchito kwa mabwana awo? Sindikukuwerengera zabwino zawo ayi. Ndikungokukumbutsa kuti ali ndi ana asanu, ndipo luso lawo ndi chiwongolero basi. Pita kwa amene amayendetsa makinawo, ukagwade, ukawauze kuti msewu si pepala. Eni akewo sangakupemphe, ukudziwa mtima wawo, ndiye usawauze kuti ndakulembera zimenezi.

Ndatumiza mtedza pang'ono. Undiyankhe pa ulendo womwe uno.

Ndine mayi ako,
Benedicta

Mwenge, Dar es Salaam
16 Ogasiti 1993

Amayi anga okondedwa,

Ndalandira kalata yanu ndi mtedza, zikomo kwambiri. Ine ndili bwino. Mundikhululukire chifukwa cha chete wanga. Ndimadzuka mbandakucha kulimbirana daladala, aja maminibasi a kuno, kuchoka ku Mwenge mpaka ku Gongo la Mboto kumene kuli yadi ya malole, ndipo pobwerera ndimakhala nditatheratu. Mwendowo muziuthowa ndi madzi otentha.

Za makinawo ndikufotokozereni pang'ono kuti musamaone ngati ndi chilombo. Chilolereni boma la kuno kuti anthu wamba aziyendetsa makampani awoawo, mpikisano wakula. Mzee Abdulrazaki, mwini kampani yathu, ali ndi malole khumi ndi asanu ndi atatu. Katundu amatsika padoko tsiku lililonse: feteleza, mchere, zitsulo. Ku Malawi nakonso fodya ndi tiyi zimadikira lole yobwerera. Funso ndi lakuti lole iti inyamule chiyani, liti, kuti pasakhale yoyenda yopanda kanthu, ndiponso kuti sitima isanyamuke fodya ali m'njira. Njira zosanjira maulendo amenewa ndi zambiri kuposa mbewu za mawere m'thumba, munthu sangaziyese zonse ngakhale atakhala moyo zaka zana. Ndiye masamu ndi amene amaika malamulo, monga akuti lole imodzi singakhale malo awiri, ndipo kompyuta imayesa njirazo mwaliwiro, kutaya zoipa, kusunga yabwino koposa. Zimene yasankhazo ndi zimene timamata pakhoma kukhala ndandanda wa maulendo, kuno amati ratiba.

Choncho makinawo sadana ndi munthu, Amayi. Sadziwa n'komwe kuti kuli munthu wotchedwa Filipo.

Zimene mwandipemphazo ndamva. Ndiyesetsa kulankhula ndi amene zikuwakhudza, koma zinthu za mu ofesi zimafuna kudekha. Moni kwa onse kumeneko.

Ndine mwana wanu,
Rabecca

Mwenge, Dar es Salaam
17 Ogasiti 1993

Achemwali anga a Khumbo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana, ndiponso kuti ana asukulu a ku Mponela sanakutheni mawu. Kalata iyi ndikuponya ku positi. Sindingaipatsire amalume monga ndimachitira, chifukwa manja anga sakulola kuti iwo anyamule okha nkhani imene ili m'katimu.

Dzulo ndawalembera amayi kalata yonama. Mulibe bodza limene mungaliloze ndi chala, komabe yonse ndi yonama. Andipempha kuti ndikagwadire munthu amene amayendetsa kompyuta kuti amalume asachotsedwe ntchito. Achemwali, munthuyo ndine. Pulogalamu imene imapanga ndandanda ndinalemba ndine, ndipo nambala imene ikuwapweteka amalume ndinailowetsa ndi zala zangazi.

Zinayenda chonchi. Mu Meyi, bwana wamng'ono, a Abdulhamidi, mwana wa Mzee amene anabwera ndi kompyutayi kuchokera kunja, anandiuza kuti akufuna ndandanda pofika Lachisanu. Zonse zinali zokonzeka kupatula chinthu chimodzi: kompyuta inafunika kuuzidwa kuti lole imatenga masiku angati kuchoka pa geti pathu kukafika ku Kanengo ku Lilongwe. Njira yoyenera ndimaidziwa bwino, ndinakhoza nayo mayeso. Umatenga maulendo ambirimbiri akale, kuphatikiza masiku ake, kugawa, n'kuonanso kusiyana kwa dzinja ndi chilimwe. Mabuku a maulendo analipo, m'katoni kuseri kwa kabati, onyowapo, onunkha mphemvu. Ndinawayang'ana, ndinayang'ana kalendala, n'kunena mumtima kuti ndivutikiranji pamene katswiri wa msewuwo ndi malume anga.

Ndinawapeza masana pansi pa mtengo wa mango, pamene Mama Asia amagulitsa chai, ndiye tiyi wa kuno, ndi chapati, atakhala pa matayala ndi madalaivala anzawo. Ndinafika ndi kope langa.

"Shikamoo, malume," ndinawalonjera mwa Chiswahili.

"Marahaba, Nambewe. Lero ofesi yatsikira kwa ife anthu a girisi?"

"Ndimafuna kufunsa, kuchoka pano kukafika ku Kanengo ndi masiku angati?"

Anaika kapu pansi, n'kuyang'ana anzawo onse mmodzimmodzi. "Atatu. Ine ndinayendapo masiku atatu, lole yodzaza feteleza. Funsa aliyense pano."

Anzawo aja anaseka, wina n'kumenya tayala. "Kweli, Mzee Filipo anapaa," kutanthauza kuti amauluka. Amalume sanaseke, koma chifuwa anachitulutsa. Fundi, makaniko wathu, ankapukuta manja pambali panga, ndipo analankhula chapansipansi: "Dada, andika tano." Mlongo, lembani asanu.

Ndinamumva bwinobwino. Koma inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Amalume ayankha pagulu, pamaso pa anthu a dziko lina, mwana wa mlongo wawo n'kufunsanso kuti kodi mukunena zoona? Kapena kulemba mawu a makaniko iwo akuona? Ndinalemba 3, n'kuthokoza, n'kubwerera. Ndinadziuza kuti ndidzaona m'mabuku muja pambuyo pake. Kompyuta itatulutsa ndandanda, a Abdulhamidi anasangalala kwambiri poona kuti malole omwewo angathe kuyenda maulendo ochuluka chotero, mpaka anandiitanira chakudya kunyumba kwawo ku Msasani. Nditadya pilawu, mpunga wa nyama wa ku Msasani, katoni ija sindinaiyandikirenso.

Kompyuta ili ngati chigayo, achemwali. Ukathira chimanga chofumbwa sichikufunsa, chimangogaya. Masamu anga onse ndi olondola, ndawabwereza kasanu, koma aima pa nambala yonama. Anyamata akuyesa kuikwanitsa posagona m'njira. Amalume, ndi zaka zawozo, akulephera, ndipo makalata owachenjeza amatayipidwa pa kompyuta yomweyo, ine ndili pompo.

Ndikaulula, ndikuopa. Ndine mlendo kuno, chiphaso changa chogwirira ntchito chili m'manja mwa kampani, ndipo ana a eni dziko amene ndinaphunzira nawo akuyendayenda ndi madigiri m'maenvulopu. Ndikakhala chete, amalume apita. Ndiuzeni chochita, ndidikira yankho lanu ndisanachite kanthu.

Mng'ono wanu,
Rabecca

Chinkhoma, Kasungu
12 Seputembala 1993

Mwana wanga Rabecca,

Moni. Ine ndilipo, mwendo ukuchitako bwino poti kwayamba kutentha. Kalata ino ibwera pa positi, chifukwa wotinyamulira makalata uja salinso pamsewu. Iwe ukudziwa kale, poti zinachitikira kumeneko. Amalume ako anafika Lachitatu, atakwera lole ya mnzawo ngati katundu, m'manja muli chikwama ndi ketulo yawo ija yakuda. Akuti pokwera mapiri a Chiweta anagwidwa ndi tulo, anaimika lole n'kugona, ndipo fodya wobwerera naye anaphonya sitima. Kalata yachitatu anaipeza ikuwadikira pa geti.

Ndikulemba kuti ndikuthokoze. Unandilonjeza kuti ulankhula ndi amene zikuwakhudza, ndipo ndikudziwa kuti unalankhula, chifukwa sunandinamizepo chibadwire. Ngati anakukanira, usadziimbe mlandu. Iwe ndiwe mwana, ukanatani pamaso pa makina a anthu olemera? Ndawauza azimayi a ku Mvano kuti mwana wanga anayesetsa, ndipo takupempherera Lachinayi.

Amalume ako akuti tsiku lochoka anakuyang'ana mu ofesi kuti atsanzike, koma anauzidwa kuti unadwala mutu, sunabwere. Mutuwo uli bwanji tsopano? Akuti ndikuuze kuti ugwire ntchito molimbika, usawachititse manyazi.

Masiku ano akuthirira nazale ya fodya ya alongo a akazi awo. Lole ikamadutsa pamsewu amaima ndi kheni m'manja, n'kutchula mtundu wake ndi giya imene ilimo, osatembenuka n'komwe. Ana amaseka, ine ndimalowa m'nyumba.

Ndine mayi ako,
Benedicta

Mponela
21 Seputembala 1993

Iwe Rabe,

Tili bwino tonse. Moni ndathera pomwepo, chifukwa ndakwiya.

Kalata yako ya pa 17 Ogasiti yafika dzana. Yayenda milungu isanu, kaya inadzera ku Cairo. Ndiye iwe nthawi yonseyi unakhala phee kudikira yankho langa, ngati kuti sukudziwa kuti positi ya pakati pa maiko awiriwa imayenda ngati nkhono? Munthu wa masamu iwe, sunawerengere zimenezo? Usandinamize. Sunkadikira nzeru zanga, unkafuna pobisala, ndipo unabisala kumbuyo kwanga. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndinapita ku Chinkhoma Loweruka lapitalo ndisanalandire kalata yakoyo. Amayi akukutamanda mudzi wonse kuti unagwada pamaso pa mabwana. Ine ndinavomereza nawo, n'kuwonjezera ndi zanga. Lero ndikakumbuka ndikumva kutentha kumaso. Ndipo mutu unakugwira tsiku lotsanzikana lija ndaudziwa tsopano mtundu wake.

Za ulemu ukunenazo ndazimva, ndipo pansi pa mtengo wa mango paja inenso ndikanalemba 3. Amalume satsutsidwa pagulu, zimenezo n'zoona. Koma ulemu unathera pamtengo pomwepo. Mu ofesi munalibe amalume, munali iwe, kompyuta yako ndi katoni. Amene anakuletsa kutsegula katoni si mwambo wa Achewa ayi, ndi ulesi ndi pilawu.

Sindikuuza amayi, si ntchito yanga kusenza mtolo wako. Tsegula mabukuwo, upeze nambala yoona, upite nayo kwa bwana wakoyo. Ukanene kuti unalakwitsa ndiwe, ndipo upemphe kuti amalume abwerere, popeza anachotsedwa chifukwa cholephera chinthu chosatheka. Ntchito ikakuthera, bwera, kuno masukulu akulira aphunzitsi a masamu, ndipo mphasa ilipo.

Ndimakukonda, n'chifukwa chake sindikukunyengerera. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa kampani ina amene amaima pano kugula mbatata, kuti usapezenso chonamizira.

Khumbo

Mwenge, Dar es Salaam
14 Okutobala 1993

Achemwali,

Kalata yanu inafika m'masiku asanu ndi limodzi, ndipo inandiwawa monga munafunira. Moni kwa alamu ndi ana. Ndachita zimene munanena, koma werengani mpaka kumapeto musanandiyamikire.

Katoni ndinaitsegula. Masana aliwonse anzanga akapita kukadya, ndinkamatula masamba omatana aja ndi mpeni, n'kumalowetsa mu kompyuta tsiku lonyamuka ndi tsiku lofika la ulendo uliwonse. Anakwana maulendo 214 a zaka zitatu. Kuwerengera kwake kompyuta inachita ndisanamalize n'komwe kupukuta magalasi. Palibe ulendo ngakhale umodzi wa masiku atatu. Wachangu kwambiri ndi wa masiku anayi ndi theka. Pakatikati ndi masiku asanu ndi theka, ndipo nthawi ya mvula amafika asanu ndi awiri. Ndinapatula maulendo a amalume okha kuti ndione. Iwo pakatikati ndi masiku asanu. Munthu amene tinamuchotsa chifukwa chochedwa anali wachiwiri kwa madalaivala onse pa changu, ndipo pa zaka zitatuzo lole yawo sinagonepo m'njira chifukwa cha ngozi.

Ndinachotsa 3 uja, n'kuika manambala oona, a chilimwe ndi a dzinja padera. Pulogalamu inayenda mphindi makumi anayi, magetsi n'kuzima, ndinayambanso. Ndandanda watsopano unatuluka wa masiku asanu ndi limodzi, wokhala ndi malo ogona ku Iringa, ku Mbeya ndi ku Karonga. Maulendo ndi ochepa, koma fodya saphonyanso sitima. Masamu omwe aja, kompyuta yomwe ija, zinangofuna kuuzidwa zoona.

Dzana, Lachiwiri, ndinalowa mu ofesi ya a Abdulhamidi. M'chikwama munali mapepala awiri: la manambala, ndi lina lopempha kuti amalume abwezeredwe pa ntchito. Mawu ndinali nditawaloweza mu daladala njira yonse: ndinalakwitsa ndine, bwana. Anawerenga pepala loyamba nthawi yaitali, nkhope ikusintha. Kenaka analoza 3 uja ndi cholembera.

"Namba hii uliipata wapi?" Nambala iyi unaitenga kuti?

Achemwali, mawu ndinaloweza aja anali pakamwa. Ndinaona cholembera chija, ndinaganiza za chiphaso changa chimene chili mu kabati ya kumbuyo kwawo, ndipo ndinadzimva ndikunena kuti, "Anandiuza ndi dalaivala."

"Dalaivala uti?"

"Mzee Filipo."

Anatsamira kumbuyo n'kuseka pang'ono. "Ndiye mkuluyo anadzikumbira yekha dzenje. Kunamiza ofesi, kutipweteketsa miyezi isanu. Bambo anga amandivutitsa kuti tinamuchotsa msanga munthu wakale, lero ndikawauza. Pepa, dada, anakusocheretsa ndi m'bale wako yemwe. Wachita bwino kuzitulukira."

Sindinanene kuti Fundi anandiuza asanu. Sindinanene kuti mabuku analipo kuyambira kale. Pepala lachiwiri lija silinatuluke m'chikwama, lili momwemo mpaka pano. Ndinati asante, n'kutseka chitseko bwinobwino.

Mwamva kuti Mzee mwini wake ankawaganizira amalume? Khomo linali lotsegula pang'ono, ine ndi amene ndalitseka. Poyamba ndinawalakwira chifukwa cha ulesi. Ulendo uno ndinali maso, ndikudziwa chimene ndikuchita. Ndandanda watsopano wamatidwa lero, madalaivala akundigwira chanza, Mama Asia wakana kuti ndilipire chai. Ndikuchita manyazi moti ndikulephera kudziyang'ana pagalasi la kompyuta ikazima.

Musandiyankhe mofatsa.

Rabecca

Chinkhoma, Kasungu
6 Okutobala 1993

Nambewe, mwana wa mlongo wanga,

Ndine malume ako Filipo. Moni. Kulemba si ntchito yanga, ndiye ukaona zilembo zikupita kumbali ngati lole yophulika tayala, upirire. Ine ndili bwino. Ndasanduka dalaivala wa kheni, giya yake ndi imodzi. Ndikuponya ku positi, kaya ikupeza liti.

Pothirira nazale munthu umaganiza zambiri. Ndakhala ndikudzifunsa kuti makina aja, amene sanakwerepo phiri la Kitonga, sanadikirepo pa malire a Songwe, anawatenga kuti masiku atatu. Sabata yatha ndi pamene ndinakumbukira kope lako lobiriwira, pansi pa mango paja kwa Mama Asia. Ndinakhala pansi pamzere pomwepo. Kani amene anandichotsa ntchito ndi pakamwa panga.

Iwe ulibe mlandu. Mwana akafunsa malume ake, amalemba zimene wauzidwa. Wolakwa ndine, amene ndinayankha funso la ntchito ngati ndili pa bawo.

Koma ndisafe ndi dzina la wabodza kwa iwe. Masiku atatuwo ndinayendadi, kamodzi kokha. Ndi chaka chija unali Fomu 4. Uthenga unandipeza padoko kuti alamu anga, bambo ako, ali m'chipatala ku Kasungu ndipo akutchula dzina langa. Lole inali itadzaza kale feteleza. Ndinanyamuka nthawi yomweyo. Iringa sindinaime, Mbeya ndinangomwetsa mafuta, pa malire ndinawalirira mpaka anandimvera chisoni n'kundidutsitsa patsogolo. Maso ndinkatsuka ndi madzi a m'botolo ndikuyendetsa. Tsiku lachitatu masana ndinaimika lole pamsewu apa, n'kuthamanga wapansi. Ndinakumana ndi anthu akuchokera kumanda, makasu ali paphewa. Iwe unali kutsogolo, utagwira dzanja la amayi ako. Zimene ankandiitanira bambo ako sindinazimve mpaka lero.

Ndiye ulendo umenewo ndimautchula monyada pagulu, chifukwa ndikautchula mwanjira ina ndingalire pamaso pa Aswahili. Ngakhale pa masiku atatuwo ndinachedwa, mwana wanga. Si nambala yoti munthu aziyendera.

Tsono mvera malume ako. Nambalayo ichotsedwe, chifukwa anyamata aja akutsika Kitonga ali m'tulo, ndipo tsiku lina mudzatola mitembo. Pita kwa Abdulhamidi. Akakufunsa kumene unaitenga, usazengereze, unene kuti ndi Mzee Filipo. Ine ntchito yatha kale, dzina langa kumeneko silindidyetsanso. Iwe uli ndi chiphaso choti usunge. Ndine mwini mbumba, ndipo ngati pali choti chigwere munthu, chigwere ine. Ndakuloleza ndi mtima wonse.

Amayi ako asadziwe. Amakunyadira, asiye choncho. Undipatsire moni Fundi, umuuze kuti lole yanga ija imafuna kuyang'anidwa mabuleki akumbuyo kumanzere.

Malume ako,
Filipo

Mwenge, Dar es Salaam
2 Novembala 1993

Malume,

Shikamoo. Kalata yanu ya pa 6 Okutobala yafika dzulo, itayenda masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi. Ndaiwerenga nditakhala pa sitepe ya positi, ndipo anthu ankandilambalala.

Nambala ija inachotsedwa. Anyamata tsopano akugona ku Iringa, ku Mbeya ndi ku Karonga. Fundi wamva za mabuleki. Nkhani zabwino zathera pamenepa.

Mwalemba kuti ndilibe mlandu. Ndili nawo, ndipo ndiufotokoza wonse. Tsiku lija Fundi anandiuza kuti ndilembe asanu, ndinamva. Mabuku a maulendo anali mu ofesi, ndinachita ulesi kuwatsegula. Amayi atandipempha kuti ndikuthandizeni, ndinadziwa pamene panali vuto, koma ndinakhala chete mpaka kalata yachitatu inatuluka. Tsiku munabwera kudzatsanzika sindinadwale mutu, ndinakuthawani. Nditatsegula mabukuwo ndinapeza kuti munali wachiwiri pa changu pa madalaivala onse, ndipo kenaka ndinamva kuti Mzee Abdulrazaki ankafuna mubwerere.

Lero m'mawa ndapita kwa a Abdulhamidi ndi kunena zonsezi, ndi kupereka pepala lopempha kuti mubwezeredwe. Amvetsera mpaka kumapeto. Ati lole yanu ili ndi dalaivala wina, bambo awo anauzidwa kale kuti munanamiza ofesi ndipo anakhumudwa, nkhaniyo inatsekedwa. Ndafunsa ngati ine ndichoke. Ati ayi, kompyuta ilibe wina woidziwa. Ndiye ntchito yanu yapita ndithu, yanga ilipo.

Amayi ndawalembera lero lomwe. Pamenepo pokha sindikumverani, chifukwa akundipempherera pa zinthu zimene sindinachite.

Chotsala ndi ichi, malume. Mwandipatsa dzina lanu ndi mtima wonse kuti ndidzitchinjirize nalo. Koma pa 12 Okutobala, kalata yanu ili m'njira, ine osadziwa kuti mwalemba, bwana anandifunsa funso lomwelo, ndipo ndinakutchulani. Sindinadikire chilolezo chanu. Mwandipatsa chinthu chimene ndinali nditakuberani kale.

Ngati mungathe kundiyankha mutadziwa zimenezi, ndiyankheni.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Rabecca